Balani ya Bwana Ndevu

Lolemba, 3 Febuluwale 1908

Napolo watsika m'phiri dzulo masana. Mtsinje wa Likhubula unasefukira, miyala yaikulu ngati nyumba ikugubuduzika. Balani ya fodya imene a Filipo amamangira Bwana Ndevu yapita yonse, kwatsala maziko okha. Mlonda, a Sungani, tawapeza atafa m'matope kumunsi. Bwana anayamba wafunsa za njerwa.

Lachiwiri, 4 Febuluwale

Bwana andiitana ndi kontirakiti m'manja. Ine munthu wa ku koleji ya ku Kapa, kum'mwera kutali uko, Chilatini chili m'mutu, ntchito yanga ya ukalaliki pa esiteti pano n'kuwerengera amisiri mapepala ngati wolengeza maliro!

Muli ndime yoti pa "zochita Mulungu" womanga alibe mlandu. Ndinati, Bwana, nkhani yathera apa. Akuti ayi. Pepala linati balani imangidwe pachitunda, ndipo ikanagwera pamenepo bwenzi mlandu uli wa Mulungu. Poti inagwera m'mbali mwa mtsinje, Mulungu watuluka m'nkhani, watsala Filipo. Kuphwanya pangano. Chikole chimene anaika ndi malo amene akukhalapo ndi banja lake.

Sindinkadziwa kuti Mulungu amagwira ntchito pachitunda pokha. Ku Mishoni sanatiuze.

Lachinayi, 6 Febuluwale

A Filipo anabwera ndi akazi awo a Lettie. "Akalaliki, anasuntha malo a balani ndi Bwana yemweyo! Ati madzi opondera dothi akhale pafupi. Ndinawauza kuti umu ndi m'njira ya Napolo, anandiseka."

Ndinafunsa ngati analemberana. Ayi. Anachita monga achitira kwawo: anaitana akuluakulu awiri, Bwana ananena mawu ake pamaso pawo, anagwirana chanza, nkhuku inaphedwa. Bwana anadya ntchafu. Ine nthawiyo ndinali ku Blantyre kukagula misomali.

Kontirakiti imati kusintha kulikonse kwa ntchito kulembedwe, mwini ntchito asaine. Nkhuku sisaina.

A Lettie: "Ndiye tibwerere kutsidya kwa mtsinje wa Ruo kumene tinathawa? Apwitikizi akutidziwa mayina. Achimwene anga anawatenga pa unyolo, mpaka lero."

Loweruka, 8 Febuluwale

Taika a Sungani, mvula ikugwa. M'kontirakiti yonse mulibe ndime ya mlonda. Ndafufuza.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Ku Boma. Womasulira ine ndemwe. Mboni zinalankhula bwino, mdala wina mpaka kutchula mtundu wa nkhuku, yoyera ya mawanga. Woweruza anamva zonse modekha, kenako anati mawu apakamwa sangasinthe pangano lolembedwa. Sananene kuti akuluakuluwo akunama. Anangoti zimene anaona ndi maso awo lamulo silinazione.

Bwana Ndevu atafunsidwa anati sakukumbukira. Munthu wokumbukira khasu lililonse losowa pa thangata!

Chigamulo chinatuluka pakamwa panga: chikole chapita kwa mwini ntchito, achoke pamalopo lisanafike Sabata. A Filipo anandiyang'ana ine, osati woweruza. Ndinapempha kuti awalole akolole kaye chimanga. Akuti mbewu zili panthaka, nthaka ndiyo chikole.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Ndayenda maesiteti awiri kuwapemphera malo. Kalata ya Bwana yoti asawalandire inafika kale ine ndisanafike. Kulemba amatha ndithu, akafuna.

Lachisanu, 14 Febuluwale

Kapitawo wa Bwana amafuna kutentha nyumba ya a Filipo, eni ake anati imani kaye. A Lettie anali atatsogola kale ndi ana, mitolo pamutu, osandilonjera. Chimanga chili ndi ngaiyaye, chobiriwira bwino.

A Filipo anatenga chizulo n'kuyamba kuchotsa chitseko cha nyumba yawo, cha mkungudza, chopala okha. Pang'onopang'ono, kuopa kuthyola mahinji.

"Akalaliki, ichi chinalembedwa m'pepala muja?"

Ndinati ayi, mulibe.

"Onetsetsani."

Ndinatsegula kontirakiti pamaso pa kapitawo n'kuwerenga mokweza ndime zonse mpaka pa siginecha. Mulibe chitseko.

Anachisenza, n'kulowera njira ya ku Ruo. Kapitawo anandipempha machesi.