Mazenera a Adatchi Alibe Makatani

Amayi anga, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Ine kuno ku Dublin ndilipo, ngakhale mvula ya kuno sidziwa kukata. Ndati ndikuuzeni za kumudzi kaye, koma pali nkhani ina imene yandikhala pakhosi, ndipo ndiitchula ndisanamalize.

Za kumudzi ndimazimvera pafoni. Achimwene a Yohane akolola bwino chaka chino, moti nkhokwe yanu ija aimanganso. Mpongozi wanu wabereka mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu. Akuti akamalira amakwinya pamphumi monga munkachitira mukapeza mbale zosatsuka. Mtengo wa mapeyala wa kuseri kwa khitchini unagwa ndi mphepo n'kuphwanya khola la nkhunda. Nkhundazo sizinafe, koma zasamukira kwa aneba ndipo zikukana kubwerera.

Mdzukulu wanu Tadala wakula, wandipitirira msinkhu. Mayeso omaliza sekondale alemba mu Juni. Chichewa amamva chonse, makamaka ndikamamunena, koma poyankha ndi Chingerezi basi. Mtima wake uli pa mafilimu. Kuno ku Ballymun, dera la mu Dublin limene tikukhala, kuli kagulu ka anthu okonda mafilimu a mayiko ena. Amakumana Loweruka masana m'kaholo kena, amaonera, kenako amamwa tiyi uku akukangana. Tadala ndiye anandikokera kumeneko, ati ndisamangodziwa njira ya kuntchito ndi ya kutchalitchi.

Mwezi uno akuonetsa mafilimu a Chidatchi. Nditamva ndinaseka ndekha, pokumbukira mmene munkadzigugudira pamtima kuti ndinu a mpingo wa Dachi, chikhalirecho chinenerocho simunkachidziwa ndi moni womwe. Simunaphonye zambiri, Amayi. Amalankhula ngati munthu amene munga wa nsomba wamuima pakhosi, ndipo ife timangowerenga mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi.

Filimu ya Loweruka lapitali inali ya mayi wina wokonza njinga. Dokotala anamuuza maso ndi maso kuti matenda ake sachira. Mayiyo anapalasa njinga kubwerera kunyumba, anaitana ana ake, ndipo anawauza zonse patebulo, osazungulira. Nyumba yake inali ndi zenera lalikulu loyang'ana kumsewu, lopanda katani, moti odutsa ankaona ana aja akulira. Wina anakalipa, wina anatuluka n'kumenyetsa chitseko, koma onse anabwerera. Miyezi yotsalayo anaithera limodzi, akumufunsa mayi wawo zonse zimene ankafuna kudziwa.

Filimu itatha, mkangano unabuka. Anayamba ndi Mayi Tembo, mnzanga wa ku Zambia amene amakolopa ku eyapoti. Anati, "Awe, aba bantu balibe chifundo. Ungauze bwanji mwana so, monga ukamba za weather? Na makatani balibe!" Mkulu wina wa konkuno, a Seamus, amene ankayendetsa basi asanapume, anati iwo mafilimu a Adatchi amawakonda chifukwa sanama, koma eni akewo ndi anthu oumira: mlendo amamupatsa bisiketi imodzi n'kutseka chitini, ndiye ndi mawu omwe amawatulutsa opanda shuga. Anthu anaseka. Kenako analankhula nesi wina wa ku Belgium, dzina lake Pieter, amene Chidatchi ndi chinenero chake chobadwa nacho. Anati tisaphatikize anthu a kwawo ndi Adatchi. Kwawo chinenero ndi chomwecho, koma amazungulira ngati ife, ndipo m'mafilimu awo banja limatha kudya mpaka kumaliza popanda wotchula chimene chikuwapweteka. Koma Adatchi a ku Holland, malinga ndi iye, amaona kuti wotseka katani ali ndi chobisa.

Ine ndinali kumbali ya Mayi Tembo, ndipo ndinkagwedezera mutu. Pamenepo Tadala anaimirira. Analankhula m'Chingerezi, koma ndikuuzani m'chathu. Anati kumeneko si kuuma mtima, chifukwa ana aja anapatsidwa nthawi. Anati, "Agogo anga anadwala nthawi yaitali, koma mami sanauzidwe. Maliro anawaonera pafoni, atakhala pansi m'khitchini. Ine ndinalipo, ndinawaona. Munthu atandibisira ine chonchi, sindingamukhululukire." Ena anawomba m'manja. Ine ndinangoyang'ana pansi.

Amayi, mwanayo sananame. Nthawi zonse ndikaimba foni munkati ndi chimfine chabe. Mawu anu atayamba kuchepa mphamvu munkati ndi netiweki. Munawaletsa achimwene kundiuza, poopa kuti ndikwera ndege mapepala anga asanatuluke, n'kutaya zonse zimene ndinavutikira kuno. Ngakhale tsiku limene munatisiya achimwene anandiimbira kuti mwadwalika, monga mwa mwambo wathu pouza munthu wakutali, chonsecho kumbuyo ndinkamva azimayi akulira. Ndinakukwiyirani, Amayi. Sindinauzepo munthu, koma ndinakukwiyirani kwambiri. Ndinali ndi mafunso amene sindinakufunseni, ndi zikomo amene sindinamunene. Inu munkakonda kunena kuti mwana sasenza mtolo wa make, ndipo munausenzadi nokha mpaka kumanda.

Tsopano nayi nkhani ija. Paja munkati chakudza sichiimba ng'oma. Mwezi watha adokotala anandipeza ndi chotupa m'bere, ndipo akuti ndi khansa. Andichita opareshoni masabata akubwerawa, kenako ndiyamba mankhwala aja othothola tsitsi. Akuti achipeza msanga ndipo chiyembekezo chilipo, koma sanandilonjeze kanthu. Ndili ndi mantha, Amayi. Komabe kuntchito ndimasambitsa okalamba ndi kuwaseketsa monga mwa masiku onse.

Tadala sakudziwa. Tsiku limene ndinapita kuchipatala ndinamuuza kuti kuntchito kuli maphunziro. Ndinali nditakonza kale bodza lina la masiku a opareshoni. Mumtima ndinkati alembe kaye mayeso, mwana asasenze mtolo wanga. Mukuona? Mawu anu omwe aja, atulukira pakamwa panga. M'holo muja ndi mmene ndinamvetsa kuti simunandibisire pondiyesa mwana wopanda nzeru. Munkanditchinjiriza ndi chinthu chokhacho chimene munali nacho, kukhala chete. Mkwiyo wanga unathera pampando pomwepo, ndipo ndinakusowani kuposa kale.

Koma ndikudziwanso chimene kukhala chete kwanuko kunandilanda, ndipo mdzukulu wanu wanena poyera kuti iye sangakhululuke. Ndikaopa mayeso ake, nditha kutaya mwanayo ndili moyo. Pobwerera kunyumba anandikoleka mkono, n'kutsamira mbali yomwe ili ndi chotupayo, ndipo anafunsa chifukwa chake ndinali duu. Ndinati mutu ukundiwawa. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndi maso anu aja.

Ndiye ndikulonjezeni ichi. Lamlungu likudzali, tikachoka kutchalitchi, ndimukhazika patebulo ndipo ndimuuza zonse, ndi dzina la matendawo lomwe. Ndimuuza m'Chichewa, ayankhe m'chinenero chimene akufuna. Akafuna kulira alire, akafuna kumenyetsa chitseko amenyetse, bola abwerere. Ndikatero ndiwaimbira achimwene, ndipo sindinena kuti ndi chimfine. Makatani okha ndiwasiya otseka, poti ine si Mdatchi, ndipo za m'nyumba mwanga aneba sizikuwakhudza. Koma mwana wanga akhala mkati, osati kunja kwa zenera.

Musandione ngati ndanyoza mwambo wanu. Zambiri zimene munandiphunzitsa ndazisunga, ndipo ndizisiya kwa Tadala. Ichi chokha ndichisiya kwa inu. Lamlungulo mukhale nane pafupi, Amayi, chifukwa mawu oyambira sindikuwadziwa. Amenewo simunandiphunzitse.

Ndine mwana wanu wokukondani mpaka kale,
Linesi