Tsamba Limene a Moffat Anasuta

Chamama, Kasungu
16 Meyi 2009

Okondedwa Amayi,

Kuno kwacha ndi kamphepo kozizira, ndipo ndikulemba ndili padzuwa kuseri kwa chigafa chathu cha fodya. Ndikhulupirira nonse muli bwino ku Phalombeko.

Mawu anu akuti ndibwerere kumudzi ndisanafe ndi njala ndinawamva. Zimene munamvazo n'zoona. Matalala anaboola fodya yense, ndipo abwana a esiteti anasiya kutipatsa chimanga. Makuponi a feteleza ife matenanti sanatilembe, amati ndife obwera, choncho kamunda kathu kanangobereka mapesi.

Masiku amenewo ndinkatsegula Baibulo lija munandipatsa paukwati. Ndinapezamo Rute, mkazi wobwera ngati ine, wokunkha m'minda ya eni. Ndinadabwa kuti ngakhale m'Baibulo muli anthu otola zotsalira. Ndinkawerenga pang'onopang'ono, chala chili pamzere. Koma nditafika pokoma penipeni, tsamba lotsatira panalibe!

Nditawafunsa amuna anga, a Moffat anayang'ana pansi. "Pepala lake n'lofewa, mayi, limapichira bwino fodya. Ndinang'amba pakati poganiza kuti sudzafikapo."

Sindinakalipe, mukundidziwa. Koma nkhaniyo inandisowetsa mtendere. Kodi Ruteyo anamuthamangitsa? Anabwerera kwawo? Ndinapita kumudzi woyandikana nafe kwa a Lefina, amayi a Chigwirizano, amene kwathuko timati a Mvano. Ndinaima pakhomo nthawi yaitali osanena odi.

A Lefina atandiona anati, "Iwe mwana wa kuesiteti, wabwera kudzalondera nkhuku zanga?"

Nditafotokoza, anaseka mpaka kugwira nthiti. "Ndiye kuti Rute ali m'chifuwa mwa amuna akowo! Akamatsokomola uzitchera khutu, mwina umva mathero."

Kenaka anandiyang'ana m'mikono mowondamu, nati, "Lero ndatanganidwa. Mawa tikukolola, ubwere kumunda. Uzitsata pambuyo pathu, chimene tasiya n'chako."

Amayi, kukunkha ndimakudziwa, munthu amatola tizitsononkho todyedwa ndi mbewa. Koma pamkukwe uliwonse umene a Lefina adutsa ndinkapeza zinsononkho zikuluzikulu, zosasenda n'komwe. Ndinakumbukira kuti m'Baibulo muja mwini munda anauza antchito ake kuti azimusiyira Rute mwadala. Ndinawayang'ana a Lefina, iwo n'kumayang'ana kumwamba ngati kuli ndege. Kodi anthu amachita kutengera m'Baibulo, kapena Mulungu amangobwereza zimene anachita kale? Funso limeneli ndikadali nalo.

Tsiku lomaliza kukolola a Lefina anatulutsa Baibulo lawo pachitenje n'kundipatsa kuti ndiwerenge ndekha mokweza. Ndinawerenga mpaka kumapeto. Rute sanabwerere kwawo. Anabereka mwana m'dziko lachilendolo, ndipo amene anamufungatira pamiyendo anali mpongozi wake, mayi wachikulire, azimayi a m'mudzi atamuzungulira.

Choncho musandidikire chaka chino. Chimanga chilipo chotifikitsa patali, ndipo a Lefina atibwereka kadimba. A Moffat tsopano amapichira m'makoko a chimanga, akuti sizikoma, koma ayamba kundifunsa kuti lero Baibulo likuti chiyani.

Mundiperekere moni kwa achemwali a Agnesi ndi ana. Inu mukatha kukolola nandolo mubwere kuno, ndipo musaiwale chitenje cholimba chija chamaluwa. Cha m'ma Okotobala miyendo yanu idzakhala ndi ntchito yofungatira mdzukulu.

Ndine mwana wanu,
Fainala

Ndamaliza lero Loweruka, dzuwa lili pamutu.