Sopo wa Amake Tracy

Mikolongwe,
Chiradzulu.
16 Julaye 2024.

Okondedwa achemwali a Sakina,

Pepani kuti ndikukuvutitsani ndi kalata pamene muli ndi zanu zambiri ku Mzuzuko. Ndayesa kawiri kukuimbirani pa foni ya a Halidi, koma mukangoti "halo" mawu amandithawa, n'kumangofunsa za ana. Ndiye ndati bola ndilembe. Mukapeza polakwika musaseke, paja sukulu ndinalekezera Sitandade 7.

Kuno tili bwino pang'ono. Nandolo wayamba maluwa. Amayi aang'ono a Amira chifuwa chija chinasiya, ndipo akundisungabe bwino.

Achemwali, gulu lanu lija la Tiphunzitsane latha. Masabata atatu tsopano, Lachitatu pakhonde pa a Deborah pamangokhala nkhuku. Paja munaliyambitsa kuti aliyense azibwera ndi chimene manja ake amadziwa, wa ku mzikiti ndi wa ku tchalitchi pa mkeka umodzi. A Deborah amatiphunzitsa kuumba mbaula, amayi aang'ono kuluka mikeka, amake Tracy kuphika sopo, ine zipewa za ana zimene munandiphunzitsa zija. Wofuna mbaula amasiya mkeka, wofuna sopo amasiya chipewa. Chichokereni inu tinagwira choncho osaphonya.

Chatipha ndi sopo. Mafuta ophikira atakwera mtengo, amake Tracy anaphikira mafuta a nkhumba imene amuna awo a Timoti anapha. Sopo wake anali woyera, wathovu, aliyense anamuyamikira. Amayi aang'ono anachapira nsalu yawo yoswalira, yopempherera ija, ena anasambira Lachisanu popita ku mzikiti. Kenako a Timoti anadzitama ku chigayo kuti nkhumba yawo yayeretsa mudzi wonse. Dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika khomo lililonse.

Titakumana, amayi aang'ono anaponya sopo wotsala pamiyendo pa amake Tracy.

"Mwatisambitsa nkhumba, amake Tracy! Zaka zonsezi simudziwa kuti kwa ife ndi haramu?"

Iwo anati, "Anzanga, ine ndimadziwa kuti simudya. Za kusamba sindinaganize. Soda ujatu amaotcha zonse."

A Deborah anayesa kuseketsa anthu kuti ngakhale iwo Akhristu sanadziwe kuti nkhumba ingachotse litsiro, koma palibe anaseka.

Apa ndi pamene pali chimene ndalembera kalatayi. Tsiku lophika sopoyo ena onse anapita ku maliro kwa Mpama, wotakasa mphika ndinali ine ndekha. Mafutawo ndinawaona m'beseni, oyera, oundana. Ndinkadziwanso kuti a Timoti anapha nkhumba Loweruka, chifukwa kulira kwake tonse tinakumva. Mtima unandiuza kuti ndifunse. Koma amake Tracy anali osangalala, akuimba, akunditchula kuti mwana wawo, ndipo ine ndinachita manyazi kufunsa munthu wamkulu pakhomo pake. Ndinati mwina ndi a mbuzi. Sopo atauma ndinamudula ndekha, ndinamusenza ndekha kukagawa m'makomo mwa Asilamu anzathu.

Pa msonkhano paja amayi aang'ono anandicheukira. "Iwe Faida, unalipo. Unaona chiyani?"

Ndinati, "Sindinaone kanthu, ndinapeza atathira kale."

Amake Tracy anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatola sopo uja, kumumanga pa chitenje, n'kumapita pang'onopang'ono ndi mimba yawo ija. Mpaka lero sanauze munthu kuti ndinanama.

Tsopano anthu akuti anachita dala. Ku mjigo a kwathu amadikira kuti a ku tchalitchi achoke ndiye atunge. Mbaula zisanu ndi imodzi zimene tinaumba limodzi zang'ambikira kuseri kwa a Deborah, palibe wokaziotcha. Mikeka ya amayi aang'ono yangounjikana m'nyumba. Tabwerera kogula sopo wa pa sitolo, kachidutswa kotha tsiku limodzi.

Ndikanena zoona, mwina anthu angaone kuti kunali kusadziwa kwa iwo ndi mantha anga, osati chipongwe. Koma ndimagona m'nyumba ya amayi aang'ono. Akamva kuti ndinawapatsa sopoyo ndi dzanja langa ndikudziwa, ndipita kuti? Ndipo ngakhale ndinene, sindikhulupirira kuti angakhalenso pa mkeka umodzi. Dzulo ndinafika mpaka pa khola la amake Tracy nditatenga chipewa chimene ndalukira mwana akubwerayo. Nditamva akutsokomola m'nyumba ndinabwerera. Chipewacho chili pansi pa pilo.

Inu anthu amakumverani, achemwali. Ine ndikayankhula amati ndikweze mawu. Ndiuzeni chochita. Ngati mukuti ndinene, ndilembereni mawu ake enieni, ndiwaloweza.

Mupereke moni kwa alamu a Kassim ndi ana. Amayi aang'ono akupereka moni, sakudziwa zimene ndalemba muno. A Deborah akuti mkeka wanu wokhalira uja akusungabe. Amake Tracy sanandipatse moni woti ndikupatsireni, poti sindinawayang'anebe kumaso, koma ndikudziwa kuti akanapereka.

Chonde yankhani msanga, a Halidi, amene akubweretsereni kalatayi, akubwerera kuno Lolemba. Mwana wa amake Tracy abadwa mwezi wamawa, ndipo kukuzizira.

Ndine mng'ono wanu,
Faida