Mphasa ya Chipsera cha Ayironi

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira bondo lija lasiya kukuvutani. Kuno tili bwino. Mapasa akukula, bambo awo nawonso akuwala masiku ano, mpaka ayamba kudzola pelefyumu.

Ntchito yanga yophunzitsa yoga ikuyenda. Musawamvere achimwene, si mpingo ayi. Timangoyala timphasa ta labala m'chipinda cha pamwamba pa shopu ya telala, n'kumadziwongola ndi kupuma mozama. Ophunzira ndimawauza kuti, "Fufuzani pamene mkwiyo wabisala m'thupi mwanu, muutulutse ndi mpweya."

Lachiwiri kunabwera wophunzira watsopano, mtsikana wa kusaluni, waulemu wake. Atayala mphasa yake ndinaona chipsera cha ayironi pakona. Azakhali, mphasayo ndinaiwotcha ndine chaka chatha. Ndi yanga ija bambo a mapasa anati inabedwa m'galimoto.

"Yokongolatu," ndinatero. "Mwagula kuti?"

"Ndi mphatso, aphunzitsi," anayankha akumwetulira.

Ndinapuma mozama monga ndimaphunzitsira. Mkwiyo ndinaupeza msanga, unali m'dzanja lamanjali. Sindinaligwiritse ntchito. Ndinangomuimiritsa ndi mwendo umodzi, manja m'mwamba ngati mtengo, ine n'kupita kukathandiza ena. Ndayamba kuiwalaiwala masiku ano. Pomwe ndinkamukumbukira n'kuti mtengowo ukunjenjemera, thukuta lili kamukamu. Akuti abweranso Lachisanu.

Kunyumba ndikupumabe mozama.

Kodi chipinda chanu chakumbuyo chija mukusungiramobe katundu? Ndangofunsa chabe. Mphasa zitatu zogonapo zikhoza kukwanamo?

Ndine mwana wanu wodekha,
Amake mapasa