Kapu ya Minoli

Lachiwiri, 10 Juni, Galle

Masewera 99 a kriketi m'timu ya dziko. Loweruka akwana 100. Ndalemba nambalayi katatu, ikukomabe.

Bondo lakumanzere latupa ngati papaya. Dokotala wa timu ndamuuza kuti wandiluma udzudzu. Sanaseke.

Andiika chipinda chimodzi ndi Minoli, kamtsikana ka zaka 19 kochokera ku Matara. Kamaponya mpira, kamamenyanso, ngati ine ndemwe. Kusiyana kwake n'kwakuti iko kali ndi mawondo. Kanati, "Agogo, bedi lapafupi ndi chimbudzi ndakusiyirani." Zaka 36 zokha, ndasanduka Agogo!

Lachitatu, 11 Juni

Abambo aimba foni kanayi. Akubwera pa sitima ndi amayi, azakhali awiri ndi theka la mudzi. Alembetsa chinsalu chachikulu: 100. Azakhali omwewa ankati mtsikana wothamanga ndi mpira sadzakwatiwa. Pamenepo sanalakwitse.

Pokonzekera, Minoli wandigwetsera kawiri wiketi, timitengo timene womenya amateteza. Kachiwiriko kanapepesa. Bola kakanangoseka.

Lachinayi, 12 Juni

Ka Minoli kakuti chithunzi changa chinali pakhoma kwawo kali Sitandade 2. Ndakauza katseke pakamwa. Ndiwo za nsomba za pahotela pano zilibe tsabola, aphikira alendo.

Lachisanu, 13 Juni

Ruwanthi, kaputeni wathu, anandiitanira pansi pa mtengo, kutali ndi anzathu, atandinyamulira tiyi. Munthu akakubweretsera tiyi usanapemphe, konzeka.

"Achemwali, mawa Minoli akuyamba. Kapu yake tikufuna mumuveke ndinu."

Ndi mwambo wathu: wosewera koyamba amavekedwa kapu ndi wamkulu, timu yonse itazungulira. Ulemu waukulu. Koma malo a munthu woponya ndi kumenya komwe ndi amodzi okha. Ndiye kuti mawa ine ntchito yanga ndi kunyamula madzi.

"Zikamukanika, mubwerera pa masewera a Lachiwiri," anatero, maso ali pa nyerere.

Tiyi ndinamwa yense. Zandiwawa, ndisaname. Abambo sindinawauze.

Loweruka, 14 Juni

Ndakaveka. Kapu yaikulu, yafika m'makutu. Mawu onse amene ndinakonza anathawa. Ndinangoti, "Usaitaye, iwe paja umataya ndi masokosi omwe." Kanalira. Inenso pang'ono, koma inali mphepo.

Chinsalu cha abambo ndinachiona chikupindidwa pang'onopang'ono.

Kenako zinavuta. Mzungu wamtali wa timu ya alendo anamenya mipira ya Minoli itatu yotsatizana, yonse kunja kwa bwalo. Mkaziyo ndimamudziwa. Zaka ziwiri tinasewera limodzi m'timu ya chigawo ku England, ine ndikunjenjemera ndi chisanu, ndikumuponyera tsiku ndi tsiku. Mpira wochedwa wolunjika kumapazi samauona, chibadwire.

Nthawi ya madzi. Ndikulowa m'bwalo ndi mabotolo, mtima ukundinong'oneza: ukangokhala chete, Lachiwiri ndi lako. Palibe akanadziwa. Ndinayenda pang'onopang'ono, ndipo silinali bondo.

Ndinapatsa mwanayo botolo, pomwa madzi akutayikira pa malaya. "Agogo, nditani?"

Ndinakauza.

Mpira wachiwiri, timitengo ta mzungu uja balalabalala! Kenako mawiketi ena atatu. Akuti ndinalumpha kuposa onse, botolo lili m'mwamba. Bondo likuti n'zoona.

Lamulungu, 15 Juni

Minoli ali pa nyuzipepala, kapu ili m'maso. Kagula zitatu, imodzi kandipatsa. Ruwanthi sanabwere ndi tiyi. Palibenso choti andiuze.

Ndaperekeza a kumudzi ku siteshoni. Azakhali akuti ndimanyamula madzi mwaulemu. Amayi angondigwira dzanja, osalitaya mpaka sitima italira.

Abambo atulutsa mutu pawindo. "Mwanawe, matikiti a Lachiwiri tiguliretu?"

Ndati asavutike.