Chipinda changa si chipinda

Lolemba, 11 Malichi

Amayi akufuna kusamutsira ngongole ya nyumba kubanki ina ya chiwongoladzanja chochepa, apo ayi tigulitsa nyumbayi chaka chisanathe. Bankiyo yati ngongole ikaposa magawo asanu ndi atatu mwa khumi a mtengo wa nyumba, tilipirenso inshuwalansi. Inshuwalansiyo imateteza banki, koma olipira ndife. Ndawerenga kawiri, sindikumvetsabe. Tinalipira kale pamene Bambo anali moyo.

Woyesa mtengo wa nyumba anabwera sabata yatha. Lero zotsatira zafika: mtengo waperewera. Walemba kuti tili ndi zipinda zogona ziwiri. Tili ndi zitatu. Chachitatucho ndimagonamo ine.

Lachiwiri, 12 Malichi

Sindinapite kukalasi ya malamulo a malo. Ndakonza mfundo zotsutsa, ndi mitengo ya nyumba zitatu zomwe zagulidwa kuno ku Ipswich. Kulakwitsa kotere sikuyenera kulekereredwa. Amayi angoti, "Bridie, usakalalatire anthu."

Lachinayi, 14 Malichi

Ndaimbira a Pappas, amene akutiyendetsera za ngongole. Ndinayamba ndi mawu oti chilungamo. Anandilola kumaliza, kenaka anafunsa, "Chipinda chanucho, achemwali, ndi cha kunsi kwa nyumba, pakati pa mizati?"

Ndinavomera. Nyumba yathu inamangidwa pamwamba pa mizati.

"Nanga denga n'lotalika bwanji? Likapanda kufika mamita awiri ndi masentimita makumi anayi, pa malamulo si chipinda chogona. Ndi mosungira katundu."

Ndinati ndagonamo kuyambira ndili wamng'ono. Anaseka. "Ndiye kuti ndinu katundu wosungidwa bwino."

Sindinaseke. Ndafufuza. Akunena zoona. Ndiye ndikutsutsana ndi ndani tsopano?

Loweruka, 16 Malichi

Malume Merv, mchimwene wa Amayi, abwera ndi tepi yoyezera. Tayeza pakhomo, pakati ndi pawindo. Paliponse pakuperewera zala zinayi.

"Aloya athu, kasumireni denga," anatero.

Ndinati Bambo anali mmisiri wosamala, sakanalakwitsa muyeso. Malume anaponda pansi kawiri, matabwa nkulira.

"Sanalakwitse. Denga linali lokwanira. Madzi osefukira aja atapita, simenti inkangotuluka chinyezi, iwe nkumatsokomola osaleka. Bambo ako anakweza pansi ndi matabwa awa. Ine ndinkawapatsira misomali."

Zala zinayi zija ndakhala ndikuziponda tsiku lililonse.

Ndinafunsa ngati kuzula matabwa kungakonze zinthu. Malume akuti mwina. A Pappas, pa foni, akutinso mwina, chifukwa pafunikanso chilolezo cha khonsolo. Amayi anakwera kukaphika tiyi amene sanamwe.

Lamulungu, 17 Malichi

Mfundo zanga zija zikadali pathebulo. Ndi zolongosoka ndithu. Sindikudziwa wozipatsa.

Lolemba, 18 Malichi

Pobwera kuyunivesite ndapeza bedi langa pakapinga, mabuku m'mabokosi. Malume anaima pakhomo la chipinda ndi chitsulo chozulira misomali. Ndinakuwa kuti palibe amene wandifunsa, ndiponso palibe amene walonjeza kuti zitheka.

"Zoona, palibe," anatero Amayi. Anali atagwada pakona pamene panali bedi, dzanja lili pa thabwa. "Bambo ako anayambira pano kukhoma misomali. Merv, m'patse mwanayu chitsulocho."

Ndinachilandira. Chinali cholemera kuposa mmene ndinkaganizira.