Makina Amene Anaona M'chifuwa Mwanga

Malomo, Ntchisi
9 Seputembala 2024

Okondedwa achemwali anga a Margareta,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino ku Joniko. Ndaipatsira a Stephano amene akubwerera kuntchito kumeneko, chifukwa nkhani ili m'menemu si yapafoni, ndipo foni yanga ana amaiseweretsa. Khalani pansi, vulani nsapato, muwerenge modekha.

Choyamba, chipinda chija ndinakupemphani kuti mundisungire, chipatseni wina. Sindikubweranso. Ndikudziwa kuti mwezi wa Meyi ndinakuimbirani ndili wefuwefu, kunena kuti ukwati wanga watha ndipo mundipezere ntchito iliyonse, ngakhale yochapa. Munandifunsa chimene chachitika, ine n'kungoti ndi zapabanja. Ndinabisa chifukwa cha manyazi. Lero manyaziwo andichoka, ndiye imvani.

Alamu anu a Limbani anayamba kutsokomola nthawi yosankha fodya. Tinkati ndi fumbi la m'chigafa, monga chaka chilichonse. Koma fodya anapita ku okushoni, chifuwa n'kutsala. Munthu wonenepa uja, amene munkamuseka kuti njinga imadandaula akaikwera, anawonda mpaka thalauza ankamanga ndi luzi. Kuchipatala chathu chaching'ono anawapatsa mapiritsi, n'kunena kuti zikapitirira akajambulitse chifuwa kuchipatala chachikulu. Koma misewu yathu ya m'mapiri muno mukuidziwa, ndipo iwo ankachita chizungulire akangoyenda kufika pachitsime.

Tsiku lina analavula magazi. Apongozi anga aNachisale, amayi awo, ataona magaziwo pamchenga sanafunse kanthu. Anangondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuti, "Ili ndi tsempho ili. Mwana wanga wadulidwa." Inu mwakhalitsa kunja, mwina mwaiwala. Amati mkazi akayenda ndi mwamuna wina n'kudzathira mchere m'ndiwo za mwamuna wake, mwamunayo amatsokomola magazi mpaka kufa, pokhapokha mkaziyo aulule. Ndiye mlandu unagwa pa ine, Ulemu mng'ono wanu, amene ngakhale kukwaya ndimapita ndi mwana kumbuyo.

Chibwenzi chake anandipezeranso okha. Ati ndi a Anwar, a golosale ya pa Malomo, amene amagula mtedza wanga. Umboni wake unali wakuti tsiku lina mvula itandipeza pamsika anandibwereka ambulera. Ambulera, achemwali!

Anandiletsa kugwira mchere, kenako anandiletsa kuphika kumene. Ndinkakhala pakhonde kuonerera alamu anga aakazi akulowa ndi mbale m'nyumba yanga kukadyetsa amuna anga. Kuchigayo azimayi ankadukiza nkhani ndikafika. Ankhoswe anakumana, ndipo anandipatsa njira ziwiri: ndiulule kuti afune mankhwala a tsempho, apo ayi ndilongedze ndibwerere kwathu ku Chezi. Za chipatala aNachisale anakana kwamtuwagalu, ati wa tsempho akabayidwa jakisoni amafera pomwepo. Amalume athu, amene ndinkati abwera kudzandiimira, ananditengera kuseri kwa nkhokwe n'kundinong'oneza kuti, "Ingovomera, mwana wa mlongo wanga, nkhani ithe."

Nanga a Limbani? Ankangoyang'ana kudenga. Nditawafunsa ngati nawonso akukhulupirira zimenezi, anati, "Amake Iness, ine ndatopa. Ngati pali kanthu ingonenani, sindikusiyani." Mawu amenewo anandipweteka kuposa onse. Ndipo pano ndikuuzeni chimene sindinauzepo munthu: ndinatsala pang'ono kuvomera. Ndinaganiza kuti ndingonama, nditi ndinachitadi, kuti mwina akathana ndi zamankhwala awozo andilole kupita ndi wodwala kuchipatala. Ndinafika poyeserera mawu ake ndili ndekha kumunda, ndikukumba mbatata. Ndinkaona kuti ndi bwino dzina langa life kusiyana ndi kuika m'manda bambo a ana anga.

Amene anandiletsa ndi munthu amene ndinkamuopa kwambiri, mayi Hanifa, akazi awo a Anwar. Ndinawaona masana akukwera chitunda chathu atafunda mpango wawo, ndipo ndinati basi, lero ndimenyedwa. Anakhala pamkeka, kupuma kaye, n'kuti, "Amake Iness, zimene akunenazi ndazimva. Amuna anga aja ndimawadziwa ine. Munthu wolephera kutsitsa thumba la shuga m'galimoto angakwere phiri ili chifukwa cha chibwenzi?" Ndinaseka, misozi ili chuchuchu. Kenako anandiuza kuti tsiku la msika kubwera achipatala ndi makina ojambula m'chifuwa, ekisire yeniyeni, pabwalo la sukulu, ndipo aliyense ndi wololedwa.

Ndinati mwina anamva molakwa. Ekisire imene ndinaiona ine nthawi ija munathyoka mkono inali chimakina chodzaza chipinda, chofuna magetsi amphamvu, ndipo chithunzi ankakachitsuka ndi mankhwala m'chipinda chamdima ife tikudikira pabenchi. Pasukulu pathu pano palibe ngakhale babu limodzi.

Komabe tsikulo ndinabwereka ngolo kwa a Alexio, n'kuyalamo matiresi. Sindinapemphe chilolezo kwa wina aliyense. Ndinangowauza a Limbani kuti, "Ngati mwaganiza zofa, mukafere kumene ndikukutengerani ine." ANachisale anatuluka akukuwa, ndipo ataona kuti ng'ombe zanyamuka anamanga chitenje n'kutitsatira wapansi, akulalata njira yonse, apa aime atsokomole, apa apitirize. Pofika pasukulu tinali ndi chigulu cha anthu kumbuyo ngati tikuperekeza mkwatibwi.

Achemwali, makinawo anabwera pa njinga yamoto! Zikwama ziwiri zoberekera kumsana, basi. Wojambulayo ndi mtsikana wa ku Mponela, dzina lake Nafisa, wochepa thupi, koma akalankhula azibambo akuluakulu ankavula malaya osatsutsa. Anali atayala masola paudzu ngati akuyanika mphale, kuti dzuwa lizidzaza mabatire, ndipo anati umo ndi mmene amayendera mudzi ndi mudzi osasowa magetsi kapena mafuta a jenereta. Anali atamanganso tenti, ndipo m'menemo munali kabokosi koimikidwa pa miyendo itatu ndi thabwa loyera loti munthu atsamirepo chifuwa. Palibe filimu, palibe zotsuka. Amangoti, "Pumirani m'kati, gwirani mpweya," kamakina n'kulira ti, chithunzi chili kale pa kompyuta.

Cha a Limbani chitatuluka, ngakhale ine wa folomu thuu ndinaona kuti mbali imodzi chakumwamba kuli chinthu ngati mtambo. Kompyutayo inazunguliza malowo ndi mtundu wofiira, payokha. Nafisa anafotokoza kuti inaphunzitsidwa ndi zithunzi zambirimbiri za zifuwa za anthu, ndiye imaloza pokayikitsa ngakhale dokotala ali kutali, ndipo pakavuta chithunzicho amachitumiza kutauni pa foni. "Bambo, zikuoneka ngati TB, chifuwa chachikulu. Tiyeza makhololo kuti titsimikize. Ikakhala imeneyo, imachizika."

ANachisale anali atadzikankhira kale mutentimo. "Iwe mwana, ili ndi tsempho. Makina akowo akulidziwa tsempho?"

Nafisa anapinda mawondo mwaulemu. "Amayi, za tsempho ine sindinaphunzire, ndisakunamizeni. Ndinaphunzira za ichi chikuoneka apachi, ndipo mankhwala ake alipo."

Apongozi anayang'anitsitsa nthiti za mwana wawo pagalasipo nthawi yaitali. Kenako nkhope yawo inawala ngati atola chinthu panjira. Anandiloza ndi chala. "Ngati amaona m'kati mwa munthu, jambulani uyu. Tione zimene wabisamo."

Nafisa anati makinawo amaona mapapo ndi mafupa, zimene munthu anachita saziona, koma aliyense wokhala nyumba imodzi ndi wodwala ayenera kujambulidwa ndithu. Anandifunsa ngati ndikulola kuti apongozi aonerere. Ndinati, "Aonerere, aitanenso anzawo." Pakamwa pokha ndi pamene panali polimba choncho. Ndinkadziwa kuti sindinalakwe, komatu ndinali nditagona chipinda chimodzi ndi wodwala nthawi yonseyi. Kukanapezeka kadontho kamodzi kokha, mudzi wonse ukanati ndi a Anwar amenewo.

Ndinatsamira thabwa lozizira lija, ndinagwira mpweya, ndinayamba Tikuoneni Maria mumtima. Ndisanafike pakati, ti.

"Mapapo ali bwinobwino," anatero Nafisa. "Mulibe chilichonse."

Mayi Hanifa, amene anali atagunditsa khutu kunsalu ya tenti, anathamanga nazo pabwalo. "Mulibe kanthu! Makina akana!" Nthungululu inamveka mpaka kumsika, ndipo oimba ake anali azimayi omwe aja ankandithawa kuchigayo. Ine ndikudziwa kuti makina aja sanaweruze mlandu wanga. Nafisa anatuluka kukabwereza zimenezo, koma ndani ankamva? Ndipo ine, Mulungu andikhululukire, sindinamuthandize kufotokoza. Anandipachika popanda umboni, ndiye ndinawalola anditsitsenso popanda umboni.

Atabwerera, Nafisa anatembenukira kwa apongozi. "Tsopano inu, amayi. Ndakumvani mukutsokomola chilowereni muno." Anakana, ati chawo ndi chifuwa cha fodya wa m'mphuno, akhala nacho kuyambira chaka chatha. Koma panja panali gulu limene analisonkhanitsa okha ndi kukuwa kwawo, akanathawira kuti? Anavula bulauzi akung'ung'udza. Chithunzi chitatuluka, chofiira chija chinaoneka mbali zonse ziwiri. 

Apongozi anafunsa motsitsa mawu, mawu amene sindinawamvepo chikwatiwireni, "Ndiye kuti mwana wanga ndamudwalitsa ndine?" Nafisa anati palibe angadziwe amene anayamba, matendawa amayenda mumpweya ndipo sayang'ana wolakwa. Ine pakamwa panga panali mawu odzaza dengu, amene ndinawasunga nthawi yonse ndinkakhala pakhonde paja. Koma nditawaona akulephera kumanga mabatani, ndinangosendera n'kuwamangira.

Madzulo ake ndinalowa m'khitchini mwanga, ndinaphika nyemba, ndinathira mchere ndi dzanja langa, ndipo palibe anatsegula pakamwa kupatula pofuna kudya. Makhololo atayezedwa anatsimikiza kuti onse awiri ndi TB. Ine ndi a Limbani anatiyezanso magazi, za kachilombo tili bwino. Ana nawonso anawayeza, ndipo akumwa mankhwala oteteza.

Pano odwala anga ali pakati pa mankhwala awo. A Limbani luzi lija anataya, akudya ngati munthu wochokera kundende, ndipo sabata yatha anapalasa njinga mpaka pa Malomo n'kubwerako okha. Anandipepesa atagwada kudimba, pakati pa tomato, ndipo ine ndinawasiya agwade kaye mpaka nditamaliza kuthirira mzere wonse.

Achipatala anafuna munthu woti aziyang'anira kuti aNachisale akumwa mapiritsi tsiku lililonse osadumphitsa. Ana awo aakazi aja, amene ankathamanga ndi mbale m'nyumba mwanga, atangomva kuti n'chopatsirana aliyense anakumbukira kuti kwake kuli ntchito. Atafunsidwa kuti asankha ndani, apongozi anayang'ana pansi n'kuti, "Amake Iness." Ndiye m'mawa uliwonse ndimapita ndi kapu ya madzi, n'kuima pomwepo mpaka ameze, kenako ndimawauza ayasamule ndione. Musandifunse ngati zimandikoma. Zimandikoma, achemwali.

Zopempha zanga ndi ziwiri. Mukamabwera pa Khirisimasi mundigulire mpango wabwino, wobiriwira, ndikapatse mayi Hanifa. Chachiwiri, kachifuwa kamene ndinakamva pafoni kaja musakanyozere n'kumati ndi kuzizira. Mukajambulitse. Ngati makina anakwera phiri la kuno pa njinga yamoto, inu simungalephere kukwera takisi.

Iness ndi Benjamini akupereka moni, ati azakhali asaiwale nsapato. Alamu anu akuti mudzawapeza atabwerera m'thupi lawo lakale, mudzapitirize kuwaseka. ANachisale sanapepese, ndipo sindikuyembekezera, chifukwa anthu a msinkhu wawo mawu amenewo amawatsamwa. Inenso sindinganame kuti zonse zachoka mumtima. Koma pamene ndimalemba kalata ino pakhonde, anabwera kudzaothera dzuwa n'kufunsa kuti ndikulembera ndani. Nditawauza anati, "Uwapatse moni akulu akowo. Uwauze asadzakutenge. Uwauze kuti mwana wanga ali bwino kuno."

Ndinati, "Za a Limbani ndalemba kale, amayi."

Iwo anati, "Sindikunena Limbani."

Moniwo ndaupereka monga mmene anaunenera. Tsalani bwino, ndipo Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane pakhomo panga.

Ndine mng'ono wanu,
Ulemu